Liwombo la Mayaka

Mayi aliyense amadziwa kusamala liwombo la khanda. Amaliphimba dzuwa likatentha, amathamangitsa ana osewera pafupi, ndipo mwana akamayamba kuyankhula fupa limakhala litatseka, mayi n'kupumula. Sarange yekha ndiye anapatsidwa liwombo losatseka, ndiponso silinali la khanda. Linali la mwamuna wake Mayaka, bambo wandevu, wamapewa otambalala, yemwe ankamumenya.

Ntchito ya moyo wake inali imodzi: kuonetsetsa kuti pamalo pofewapo pasagwe kanthu, makamaka dzanja la munthu wa pakhomo pake. Zina zonse, kulima mawere, kuthyola tiyi, kubereka, ankazichita ngati akazi anzake a m'mapiri athu ano a Kisii.

Mayaka amene Sarange anakwatiwa naye anali wina. Amuna anzake ankamuseka kuti anadya kondaine, chifukwa anali wofatsa mopitirira. Nkhuku ankaipha atayang'ana kumbali. Mvula ya masana ikawapeza panjira pochokera kumsika wa ku Keroka, ankadula tsamba la nthochi n'kuligwira pamutu pa mkazi wake ulendo wonse, iye mwini akunyowa mpaka m'mafupa.

"Iwe Mayaka, ng'ombe unapereka ndiwe, kapena anapereka ndi iyeyu?" ankamufunsa mkulu wake, Ongaki.

"Mutu wanga ndi mwala, achimwene. Wa uyu ndi umene umaganiza pakhomo, usanyowe."

Mudzi wawo unali kumalire, kumene mwini ng'ombe amagona khutu limodzi lili kukhola. M'mawa wina, mwana wawo Orina akadali kumsana, anthu anadzuka n'kupeza makola ali pululu. Akazi anakuwa, phiri n'kuyankha phiri linzake, amuna n'kutola mikondo ndi mauta. Mayaka anapita nawo chifukwa m'gulu la zobedwazo munali ng'ombe yake ya mkaka. Anakawapeza akubawo pamtsinje, ng'ombe zikukana kuwoloka, ndipo panalibe zokambirana. Wina analasidwa pakhosi, wina anaduka zala pogwira chikwanje cha mnzake, madzi anafiira. Mayaka anali atagwira ng'ombe yake panyanga pamene munthu anatulukira m'bango ndi chibonga chokhomerera chitsulo kumutu kwake. Anamumenya kamodzi pamphumi. Anzake anabwera naye kumudzi pachikopa, maso atatupa n'kutsekeka, magazi akutuluka m'mphuno, pamphumi pataphwanyika poti chala chachikulu chikanalowa.

Kwathu kuno mutu ukasweka sitiyamba ndi kulira, timayamba taitana omobari, sing'anga wopala fupa la mutu. Wa dera limenelo anali Arasa, munthu wamng'ono thupi, wamanja ouma, wosakonda mafunso. Anafika ndi kathumba kachikopa ka mipeni yake yopindika, n'kugoneka Mayaka m'munda wa nthochi, mutu pachitsa choyalidwa masamba, amuna atamupanikiza manja ndi miyendo. Akazi anathamangitsidwa. Sarange anakana kuchoka, ndiye anamupatsa ntchito yothira madzi.

Arasa anang'amba khungu mopingasa n'kulipindira m'mbali. Mayaka anakuwa mpaka mawu anatha, kenako ankangobuula. Fupa linaonekera litang'aluka, zidutswa zitalowa mkati. Arasa anayamba kupala, kwee, kwee, kwee, uku akuyankhula monga ankachitira akakhala pa ntchito.

"Thira apa, mwanawe. Fupa la mutu lili patatu. Pamwamba n'polimba, pakati n'pa mabowomabowo potuluka magaziwa, pansi n'popyapyala ngati chikhadabo. Ukadutsa pamenepo upeza nembanemba yoyera yokuta ubongo. Amenewo ndiwo malire anga. Kuseri kwake sikulowa mpeni wa munthu."

Koma atazula chidutswa chachikulu, Arasa anasiya kuyankhula. Nembanembayo inali itang'ambika kale, fupa litaiboola, ndipo pamodzi ndi magazi akuda munatuluka tinthu totuwa tonga chambiko. Sarange anationa. Arasa anaona kuti waona, koma palibe anatchula. Anatsuka, anathira mafuta a ng'ombe ofunda ndi mankhwala a masamba, n'kubwezera khungu.

Mayaka anachira, ndipo apa tinene zoona: popanda Arasa akanafa. Anadzuka, anayenda, ng'ombe zake ankazitchula mayina osalakwitsa. Anthu anafulula mowa. Pa mowa womwewo Mayaka anaimirira n'kukodza pamaso pa apongozi ake aakazi, akuseka chikhakhali. Anthu anati ndi mowa. Pa maliro ena anauza mayi wofedwa mawu oti munthu sangawabwereze. Ankalanda chakudya m'manja mwa mwana wake yemwe. Kenako tsiku lina Sarange anamuikira madzi osamba otentha pang'ono, ndipo Mayaka anasolola chikuni pamoto n'kumumenya nacho pakamwa. Mano awiri anagwera m'phulusa. Chimene chinamuopsa Sarange si magaziwo. Chinamuopsa n'choti Mayaka anakhala pansi n'kufunsa mwaulemu ngati ndiwo za luni zapsa.

"Fupa loipa latsala," anatero Ongaki atamva. "Usalire, mlamu. Arasa anapala mwamantha. Abwere adzamalize."

Umu ndi mmene timaganizira kuno. Munthu wovulala mutu akapanda kukhala bwino, ndiye kuti mwatsala mng'alu kapena fupa lovunda, ndipo mankhwala ake ndi kupalanso. Ena zimawathandizadi. Kwa Mayaka zinkaoneka ngati zikuthandiza, ndipo msampha unali pamenepo. Akamupala ankataya magazi ambiri, n'kugona mwezi wathunthu ali lefu, osatha kukweza ngakhale chikho. Pakhomo pankakhala bata. Ongaki ankazungulira mudzi akudzitama kuti mng'ono wake wafatsa. Magazi akabwerera m'thupi nkhonya nazo zinkabwerera, ndipo Ongaki ankangoti, "Latsalanso pang'ono."

Sarange ankavomera. Ankakumbukira zimene anaona m'nthochi muja, ankakayika ngati vuto lili m'fupa, komabe ankavomera, chifukwa mwezi umenewo ndi umene nthiti zake zinkapola. Ankachita nazo manyazi, ndipo manyaziwo sanamuchoke mpaka ukalamba.

Bowo limene linayamba ngati dzira la nkhuku linakula kuposa chikhatho, n'kukwera kuchoka pamphumi kufika pakati pa mutu. Ongaki atapitanso kwa Arasa, mkuluyo sanadzuke n'komwe pampando.

"Ukufuna ndipale chiyani, mphepo? Fupa labwino ndataya kale lambiri chifukwa cha pakamwa pakopa."

"Mwakalamba, bambo. Manja akunjenjemera."

"Eya, ndakalamba. Mutengere kwa wosakalamba."

Anamutengeradi kwa wina wa kuseri kwa phiri, amene mipeni anali atangogula. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Mayaka anabwerako bowo litafika chakukhutu, ndipo bala lisanapole anayamba kugwa khunyu. Ankakuwa kamodzi, n'kuuma gwaa, n'kugwa ngati mtengo, kenako thupi lonse n'kumaphupha, lilime atadziluma. Sarange anaphunzira kudziponya pansi msanga kuti mutu wa mwamunayo ufikire pantchafu zake osati pamwala.

Matenda akugwawo ndi amene anawafikitsa kuchipatala cha mishoni. Kumeneko anapeza Onchiri, wothandiza dokotala, mwana wa kwathu konkuno amene anakaphunzira ku Nairobi. Anamuvula Mayaka chipewa n'kuona khungu lolowa mkati ngati mbale, likukwera ndi kutsika motsatira mtima. Anaimba mluzu.

"Mayi, uyu ndi mwamuna wanu, kapena ndi mbatata imene mwakhala mukusenda?"

Sarange anafotokoza zonse, ndi za tinthu totuwa tija zomwe, zimene anali asanauzepo munthu.

"Koyamba kuja omobari anachita bwino," anatero Onchiri. "Ngakhale ife tikanachotsa fupa lomwelo. Kwinaku ndiye mwangomusasula denga." Anamutengera pa chithunzi cha ubongo chomwe chinali pakhoma. "Taonani. M'katimu anagawana ntchito ngati anthu a pamudzi. Kunkhongoku ndi koonera. Kachigawo kapansika ndi kamene kamachititsa kuti munthu asadzandire. Tsinde ili lotsikira kumsana ndi lopumitsa munthu, ndipo mitsempha imapingasana pomwepa, n'chifukwa chake mbali ya kumanzere imalamula dzanja lamanja. Mawu nawonso kwa anthu ambiri amakhala kumanzereko, chapamwamba pa khutu. Tsono kutsogoloku, kuseri kwa mphumi, ndi kumene kumakhala mbusa."

"Mbusa wa chiyani?"

"Wa munthu. Tonsefe tili ndi ng'ombe zolusa m'mutumu, mayi. Ine pano tsiku lililonse ndimafuna kutukwana dokotala, koma mbusa amandibweza. Mwamuna wanuyu ng'ombe zake zonse zilipo, mbusa ndiye anafera pamtsinje paja. Chipsera chimene chinatsala pa ubongo ndicho chikumugwetsa. Zakugwazo mapiritsi awa azichepetsa. Za mbusa ndilibe mankhwala."

"Sadzabweranso?"

"Madzi akatayika saoleka. Koma ndikutsineni khutu. Apa pasagwe kanthu. Sindikunena chibonga. Ngakhale mthiko wokha, mwaika maliro."

Sarange anatuluka m'chipatalamo ndi zinthu ziwiri mumtima. Anapepukidwa, chifukwa zaka zonsezo ankaganiza kuti mwamuna wake anamuda, ndipo ankafufuza chimene anamulakwira. Komanso analira ngati wamasiye, m'basi momwemo, mwamunayo ali pambali pake akudya nthochi za munthu wina.

Atafika kunyumba anasankha chipanda chokhwima mwa zimene ankasungiramo mkaka. Anachidula pakati, anachiwamba pa utsi kuti chilimbe, mkati anayalamo chikopa cha mbuzi chofewa, m'mbali anaboola n'kumangamo lamba wodutsa kunsi kwa chibwano. M'mawa uliwonse ankachimanga pamutu pa Mayaka, chipewa pamwamba, uku akutukwanidwa iye ndi mtundu wake wonse. Khomo la nyumba analikweza. Mtengo wa mapeyala umene unali pabwalo anaudulitsa ukubereka, ana a m'mudzi akudandaula. Mitambo ikangoda, pakuti mvula ya kuno sichedwa kusanduka matalala, Sarange ankasiya khasu pamzere n'kuthamanga kukafuna mwamuna wake. Ankapitanso m'mabwalo a mowa kukagwada pamaso pa amuna.

"Akakuputani, abambo anga, menyani miyendo. Thyolani ngakhale yonse iwiri, ndidzamunyamula. Koma kumutu ayi."

Mayaka anali wopanda mbusa, koma sanali wopanda nzeru. Anazindikira msanga kuti palibe angamubwezere. Ankawomba mbama amuna akuluakulu, kenako n'kumasula chipanda n'kuweramitsa mutu.

"Menya, ngati unabadwa mwamuna. Apa, pofewapa. Ukuopa chiyani, mwana wa galu?"

Amunawo ankayang'ana khungu likugundalo, n'kubwerera kwawo. Ndani akufuna kukanyongedwa chifukwa cha mbama imodzi? Choncho munthu wosavuta kupha m'dera lonselo ndi amene anakhala woopsa kuposa onse. Anathyola nsagwada za mnansi. Anapha galu pomumenyetsa pamtengo. Akafika kunyumba panalibe womuletsa. Sarange anathyoledwa nthiti, anathyoledwa chala, mimba imodzi inachoka atapondedwa. Akazi anzake ankabwera ndi phala n'kumuuza kuti banja ndi kupirira, mawu osavuta kunena kwa munthu amene mano ake ali onse.

Akanathawa, koma kuthawira kuti? Ng'ombe za malowolo ake mlongo wake anali atakwatirira kale, ndipo mkazi wochoka amasiya ana kwa bambo awo. Orina akanamusiyira yani? Panalinso china chimene sankauza anthu poopa kusekedwa. M'dera lonselo ndi iye yekha amene ankakumbukirabe munthu wa tsamba la nthochi uja, ndipo ankaona ngati akachoka munthuyo aferatu.

Orina anakula akuona zonsezi. Ali wamng'ono bambo ake anamuponyera pamtondo, mkono n'kupola wokhota. Atakhala mwamuna anatenga mapewa a bambo ake, ndi kukhala chete kumene Sarange sankakukonda. Tsiku lina anapeza mayi ake kuseri kwa nkhokwe akudzimanga nsalu m'nthiti.

"Amayi, mthiko umodzi basi. Anatero a kuchipatala aja, mudzi wonse ukudziwa."

"Tseka pakamwa pakopo."

"Mukulondera kambuku kuti asalasidwe, pomwe akudya inu."

"Ndikulondera iwe, chitsiru iwe. Wopha bambo ake amadya ndi ndani? Amamanga pa nthaka iti? Mtsikana wa kwa yani angalowe m'nyumba mwake? Boma likakusiya, mudzi sukusiya. Iwe bambo ako sunawaone, mwana wanga. Awa ndi otsala chabe."

"Ndiye otsalawo adzakuphani."

"Akandipha, undiike. Koma mutu umenewo usadzaukhudze."

Kuyambira pamenepo mantha a Sarange anasamuka. Matalala, nthambi ndi zidakwa anali atazizolowera. Tsopano ankaopa mwana wake, ndipo ankaonetsetsa kuti awiriwo asatsale okha pabwalo.

Tsikulo linafika nyengo yopuntha mawere. Mayaka anali atamwaza mapiritsi ake kuti nkhuku zidye, ndipo m'mawa wonse ankangozungulira nyumba akukukuta mano. Chakumasana Sarange anaona kuti lamba wa chipanda wamasuka, ndiye anasiya chopunthira kuti akamange. Dzanja lake litangofika pachibwano, Mayaka anamuwomba chibakera pakati pa maso. Sarange anagwa chagada pa mawere. Mwamunayo anazula chipanda, anasololamo lamba n'kuchiponya kutali, anamugwadira pachifuwa, n'kumukulunga lamba uja pakhosi. Ankakoka mosapsa mtima, ngati munthu womanga mtolo wa nkhuni. Mpweya unatha, m'makutu munayamba kulira, kumwamba kunayamba kuda.

Orina anali akuchokera kumunda ndi mpini umene khasu lake linaguluka. Sanakuwe, sanathamange n'komwe. Anangoyenda n'kuima kumbuyo kwa bambo ake.

Sarange anaona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Pafupi ndi nkhope yake panali liwombo lija lili pamtunda, likugunda. Pamwamba pake panali mwana wake atakweza mpini ndi manja awiri, maso ali pamalo omwewo. Mawu oti amuletse analibe, lamba anali atawatsekera. Anatambasula manja n'kukumbatira khosi la mwamuna wake, monga anali asanachitire kwa zaka zambiri, anakokera mutuwo pachifuwa pake, anaponda pansi ndi chidendene, n'kugubuduka.

Mpini unatsika ndi mphamvu yonse imene Orina anaisunga kuyambira ali mwana. Unafikira pamwamba pa khutu lamanzere la mayi ake.

Mvula inali itadula msewu, galimoto sizinkafika. Orina anathamangira kwa Arasa, amene tsopano anali nkhalamba yoyenda ndi ndodo ndipo mipeni anali ataipachika. Anabereka nkhalambayo kumsana kutsika nayo phiri. M'munda wa nthochi womwewo anagoneka Sarange, ndipo Arasa analamula kuti mutu augwire Orina.

"Waswa ndiwe, gwira ndiwe. Ukatsinzina ndikudula khutu."

Manja a nkhalambayo ankanjenjemera mpaka pamene mpeni unakhudza fupa, kenako anakhazikika. Anapala, anatukula chidutswa chimene chinalowa mkati, anachotsa magazi oundana amene ankapanikiza ubongo. Nembanemba anaipeza yosang'ambika. Sarange sanakuwe, chifukwa anali kutali, atakomoka. Amene ankalira ndi Orina, misozi ikugwera pamanja a Arasa. Mayaka anali pabwalo akudya mawere osapuntha.

Atamaliza, Arasa anapukuta mpeni pa tsamba n'kuyang'ana Ongaki amene anabwera kudzaona.

"Kamodzi kokha aka. Wina akadzanena kuti fupa loipa latsala, mumuthire agalu."

Sarange anadzuka. Dzanja lamanja linali litafa, mwendo wamanja ankaukoka, pakamwa panakhota. Ankamva zonse, ankadziwa aliyense, ankakumbukira chithunzi cha pakhoma chija ndi chala cha Onchiri chikuloza pamwamba pa khutu. Koma akafuna kuyankhula mawu sankabwera. Mawu amodzi okha ndi amene anamutsalira, akuti "ayi", ndipo ankawagwiritsa ntchito pofuna madzi, pothokoza, ndi pokana. Zinkamupweteka kwambiri, munthu amene kale ankatha kukalipira bwalo lonse la mowa.

Akuluakulu anakhala pansi pa nkhani ya Orina. Kukhetsa magazi a mayi ako ndi chinthu choipa, koma chili ndi nsembe yake. Anapha nkhosa, anamutsuka, anadya naye. Akanapha bambo ake palibe nkhosa ikanakwana. Sarange ataona mwana wake akupisa m'mbale imodzi ndi amuna anzake, anadziwa kuti dzanja ndi mawu ake sizinapite pachabe, ndipo anasangalala.

Tsiku loyamba kutuluka panja, Orina anamukhazika pachikopa pakati pa bwalo kuti aothe dzuwa, bala litaphimbidwa ndi masamba. Iye anapita kuseri kukakonza nkhokwe. Masanawo mitambo inasonkhana mofulumira monga imachitira kuno, mphepo inazizira, ndipo pa masamba a nthochi panayamba kumveka tha, tha, tha. Anali matalala. Sarange sanaganize za bala lake. Anayesa kudzuka kuti akafune Mayaka, mwendo unakana. Anayesa kuitana, panatuluka "ayi, ayi".

Mayaka anatulukira m'nthochi, chipanda chili kumutu, chomangidwa mokhota ndi mlamu wake wina. Analunjika kwa mkazi wake. Orina, amene anali atatulukira kuseri ndi lichero m'manja, anauma pomwepo, n'kuyamba kuyang'anayang'ana pansi chinthu cholemera.

Mayaka anaima pamaso pa Sarange n'kuyang'ana masamba a pabala, amene matalala anali atayamba kuwaboola. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kulimbana ndi mfundo ya pachibwano pake, anaiduladula ndi mano, anavula chipanda n'kuchivundikira pamutu pa mkazi wake.

Sarange anachizula ndi dzanja lamanzere n'kumukankhira nacho. "Ayi."

Mayaka anamumenya padzanja n'kuchibwezera. "Vala, chitsiru iwe. Pofewa apo."

"Ayi."

"Vala. Wanga ndi mwala."

Matalala anali atakula ngati ndowe za mbuzi, akudumphadumpha pabwalo, ndipo mutu wa Mayaka unali pamtunda, khungu likugunda. Limodzi linamugwera paphewa, lina pakhutu. Sarange anatembenukira kwa mwana wake n'kumuyang'ana, popeza china choti achite analibe. Orina anayenda n'kuima kumbuyo kwa bambo ake, pamalo omwe anaima tsiku lija. Anakweza manja onse awiri, wowongoka ndi wokhota, n'kugwira lichero pamwamba pa liwombolo mpaka matalala anatha.

Musafunse ngati Mayaka anachira. Sanachire. Tsiku lomwelo anaswa mbale pakhoma n'kutukwana mbuzi, ndipo mpaka imfa yake anthu ankapatuka akamuona panjira. Kaya mbusa anadzuka kamphindi, kaya ndi ng'ombe imodzi imene inakumbukira yokha njira yakale, ngakhale Onchiri sanathe kunena. Orina anadula chipanda chachiwiri kuti aliyense akhale ndi chake, koma bambo ake anachipondaponda, akuti pakhomo pano chipanda ndi chimodzi ndipo ndi cha mayi ako. Choncho m'mawa uliwonse, zaka zonse zimene zinawatsalira, anthu odutsa ankaona nkhalamba ziwiri pakhomo zikukankhirana chipanda chakale, wina akutukwana, wina akuti ayi. Mwa ndewu zonse za m'nyumba imeneyo, iyi yokha ndi imene Sarange ankadzukira m'mamawa kuiyembekezera.